Zimene Sizinakwane pa Fomu

Anandituma pa njinga ya ofesi, mabolopeni awiri m'thumba,
kukawerenga mitengo kwa Mayi Faresi Chapola,
munda womaliza usanagunde waya wa nkhalango ya Nkhotakota,
poti dzina lawo linatuluka pa mndandanda wa olandira satifiketi.

Funso loyamba: mitengo yodzala ndi ingati?
Sindinadzale, akutero. Ndinangoleka kupha.
Akundilozera zitsa zomwe malemu amuna awo anasiya
zaka zija makala ankalipira fizi,
ndipo pa chitsa chilichonse paima mwana:
muwanga, tsanya, mombo,
msuku wopendekeka ngati waitanidwa,
ndi mlombwa umodzi womwe amautcha Yotamu
chifukwa unaphuka chaka cha maliro.
Ndawerenga mpaka 212, ndasokonezeka, ndayambiranso.
Fomu ilibe malo a mitengo yodzuka yokha.
Ndalemba pa mzere wa "zina".

Funso lachinayi: vetiva, mamita angati?
Iwo akuyeza ndi mapazi, ine ndikusandutsa manambala.
Chigwembe chija chinameza mbuzi ya a Lutepo
lero ndi mzere wa nthochi,
koma pepala silikufunsa kuti miyala anasenza ndani,
pamutu, m'dengu lobooka,
zilimwe zitatu.

Ming'oma ya njuchi?
Isanu ndi umodzi. Wina chiuli chinagwetsa.
Akuseka: nachonso chinabwera kudzawerenga.

Ndiye pali zimene sindinafunse.
Usiku wina mu Epulo mtengo unagwera waya,
njovu ziwiri zinalowa
n'kudya thukuta la miyezi inayi tambala asanalire.
Kutacha mlamu wawo anafika ndi waya wa mabuleki a njinga,
akuti titchere, nyama ibweze ngongole.
Iwo anaulandira ndi manja awiri
n'kukamangira chitseko cha khola.
Chaka chimenecho anadya chinangwa cha ganyu.
Sakunena monyada ayi.
Mpaka lero akakumbuka amazitukwana njovuzo,
iliyonse payokha.

Moto wa anyamata a mbewa mu Okutobala
anauzima ndi nthambi zaziwisi, iwo ndi mwana wa sitandade sikisi.
Akukweza chitenje pang'ono kundionetsa kakolo.
Ndatembenuza fomu, kuseri kulibe kanthu.

Tatsikira kukhwawa dzuwa litalunjika pamutu.
Novembala, mvula isanagwe, koma madzi alipo,
ochepa, ongokwana kunyowetsa nsapato zanga za ofesi.
Nkhanu yathawira pansi pa muzu wa katope.
Pa matope pali mapazi a nkhwali, ndi ena a ziboda
omwe ine sindikuwadziwa.
Gwape, akutero, osayang'ana n'komwe.
Pano tinkakumba mpaka m'chiuno
kuti tipeze chikho chimodzi.

Lachisanu pa bwalo la sukulu panali tenti ndi Fanta.
Mlendo wochokera ku likulu anayankhula mphindi makumi anayi
za kubwezeretsa chilengedwe,
kenako anawerenga: Bambo F. Chapola.
Anthu anaseka. Iwo anadzuka, anakonza duku,
anapinda bondo, analandira pepala ndi wilibala.
Wilibalayo anaikonda.
Podutsa pomwe ndinaima anandinong'oneza:
a Lutepo aja amalambula njira yotchinga moto chaka ndi chaka,
mudzawalemba liti?

Ndinati ndikafunsa.
Ndi yankho lomwe tinaphunzitsidwa.

Ndinawaperekeza mpaka pa mphambano, wilibala ikulira ngati mwana wa mbuzi,
satifiketi itagona m'katimo, mwala pamwamba kuopa mphepo.
Anandithirira masuku m'jumbo,
akuti ndi a mtengo wopendekeka uja, womwe munawerenga kawiri.
Ndinadya ndikupalasa njira yonse ya kuboma,
ndipo sindikudziwa kuti ndinayambira pati,
koma pofika pa tala ndinapeza ndaleka kulavula nthangala.
Zinali m'thumba la malaya,
zonyowa,
zitamatirira ku mabolopeni.